Banga la m'mwala liutsa mapiri pachigwa

Wogulitsa nyama pamsika uliwonse amadziwa kuti mbuzi ikaphedwa m'mawa, zoyamba kuchotsa pathandala ndi zam'kati. Ubongo ndiye sugona n'komwe. Dzuwa la Okutobala likauomba, pofika madzulo umakhala utayamba kusungunuka, ntchentche zitaitanizana kale. Opirira ndi mafupa. Galu akasiya fupa kuseri kwa khola, chaka chimatha lili pomwepo.

N'chifukwa chake kwa zaka zambiri akatswiri ofufuza za zamoyo zamakedzana ankaphunzitsa ophunzira awo mfundo imodzi yosakayikitsa: nyama ikafa n'kukwiririka mpaka matope ake kusanduka mwala, zotsala ndi mafupa, mano ndi zigoba. Ubongo ayi.

Koma mu Okutobala 2012, magazini yotchuka ya sayansi yotchedwa Nature idatulutsa chithunzi cha kanyama ka m'nyanja, kotalika ngati chala chapakati cha munthu wamkulu, komwe kadafera m'matope zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo kudera lomwe lero ndi kummwera chakumadzulo kwa dziko la China. M'mutu mwa kanyamako mudali banga lodera ngati dzimbiri. Akatswiri anayi omwe adalemba nkhaniyo adanenetsa kuti bangalo ndi ubongo.

Ena adaomba m'manja. Ena adapukusa mitu nati anzawowo aona zomwe mitima yawo imafuna kuona. Mkanganowo udatenga zaka, ndipo mbali zina sudathebe mpaka lero. Funso lake mwana wa sukulu angathe kulifunsa: munthu angadziwe bwanji kuti banga la pamwala ndi ubongo, osati litsiro kapena zowola za m'mimba?

Phiri la Maotianshan

Nkhaniyi idayambira paphiri laling'ono lotchedwa Maotianshan m'dera la Chengjiang, chigawo cha Yunnan, kufupi ndi nyanja ya Fuxian. Pa 1 Julayi 1984, katswiri wina wochokera ku Nanjing, Hou Xianguang, ankaswa miyala paphiripo pofunafuna tizigoba ta tinyama ting'onoting'ono. Mwala wina utang'ambika pakati, adaona kanyama kathunthu kotchedwa Naraoia, miyendo yake yofewa ili ndandanda ngati kangofa dzulo.

Zinthu zotere, zomwe kale zidali zamoyo koma zidasanduka mwala kapena kusiya chidindo chake m'mwala, pa Chingerezi amati fossil. Nthawi zambiri chimatsala ndi cholimba chokha. Koma miyala ya ku Chengjiang idasunga maso, matumbo, tinyanga ndi miyendo. Malo ena otchuka ndi zoterezi ndi Burgess Shale, m'mapiri a ku Canada, omwe Charles Walcott adawatulukira mu 1909, koma a ku China ndi akale kuposa amenewo ndi zaka pafupifupi 10 miliyoni. Akatswiri atayeza timiyala ta m'matanthwe a ku Chengjiang adapeza zaka 518 miliyoni. Mu 2012 bungwe la UNESCO lidaika malowa pamndandanda wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse.

Nthawi imeneyo kumtunda kudalibe mtengo, udzu, mbalame ngakhale buluzi. Moyo wa nyama udali m'madzi. Chinyama cha Malawisaurus, chomwe mafupa ake adafukulidwa ku Karonga, ndi mwana wa dzulodzuloli pochiyerekeza ndi tinyama timeneti, chifukwa chidadza patapita zaka pafupifupi 400 miliyoni.

Tinyama tambiri ta m'miyala ya ku Chengjiang ndi ta gulu lomwe asayansi amati arthropod. Dzinali ndi lachilendo koma eni ake ngodziwika pakhomo lililonse: nkhanu, chiwala, ngumbi, mphemvu, njuchi, udzudzu, kangaude, chinkhanira, bongololo. Zonsezi zilibe mafupa m'kati. Zimavala chigoba kunja ndipo miyendo yake ndi ya mfundomfundo. Pa mitundu 10 iliyonse ya nyama zodziwika padziko lapansi, pafupifupi 8 ndi ya gulu limeneli.

Kulongosola chibale cha banja lalikulu chotere kwasautsa akatswiri kwa zaka zoposa 100, ndipo ndewu yeniyeni imakhala pamutu. Kodi mano obayira a kangaude akufanana ndi chiwalo chiti pamutu pa nkhanu? Nanga tinyanga ta chiwala tidachokera kuti? Zigoba zimanamiza, poti zimasintha maonekedwe malinga ndi kadyedwe ndi kakhalidwe ka nyamayo. Ubongo susintha msanga chotero. Chigawo chilichonse cha ubongo chimatumiza mitsempha yake ku chiwalo chakechake, ndipo dongosolo limeneli limapitirira mibadwomibadwo. Choncho wopeza ubongo wa kholo lakalekale wapeza mboni yomwe idalipo pamene mlandu unkayamba.

Maola asanu omaliza

Mmodzi mwa anthu omwe ankalakalaka mboni yotereyi ndi Nicholas Strausfeld, pulofesa wa pa yunivesite ya Arizona ku America, yemwe wathera moyo wake akutumbula mitu ya ntchentche, mphemvu ndi nkhanu n'kumajambula ubongo wake. Mkuluyu si wofukula miyala. Koma maso ake adazolowera maonekedwe a ubongo wa tizilombo monga mlimi amazindikirira mmera wa chimanga pakati pa udzu.

Iye adapita ku yunivesite ya Yunnan mumzinda wa Kunming kukagwira ntchito limodzi ndi Ma Xiaoya, mayi wa ku China yemwe panthawiyo ankachita kafukufuku ku Natural History Museum ku London. Akusanthula miyala yosungidwa pa yunivesiteyo, adapeza umodzi wa kanyama kotchedwa Fuxianhuia protensa, komwe Hou adakapatsa dzina mu 1987 potengera nyanja ya Fuxian ija. Strausfeld adafotokozapo pambuyo pake kuti maola asanu omaliza a ulendo wake adathera pa maikulosikopu, akujambula zithunzi osapumira.

Kutsogolo kwa mutu wa kanyamako kudali banga la mbali ziwiri zofanana, kumanja ndi kumanzere. Kuchokera pamenepo timizere tidalowera m'timapesi tiwiri tonyamula maso, monga maso a nkhanu amakhalira, ndipo panjira yopita ku diso lililonse padali timfundo titatu totsatizana. Timizere tina tidalunjika ku tinyanga. Awiriwa, pamodzi ndi Hou komanso Gregory Edgecombe wa ku London, adalemba kuti ubongowo udali wa zigawo zitatu, wofanana ndi wa nkhanu komanso tizilombo touluka ta lero.

Mfundoyi idali yolemera. Ambiri ankayembekezera kuti kanyama ka thupi lachikalekale chotere kakhala ndi ubongo wosalira zambiri. Ngati akatswiri anayiwo adalondola, ndiye kuti pulani ya ubongo womwe uli m'mutu mwa chiwala lero idalipo kale zaka theka la biliyoni zapitazo, ndipo tinyama tina ta m'madzi tokhala ndi ubongo wapafupi sitidatsalire m'mbuyo ayi, koma tidachita kutaya zina zomwe makolo ake adali nazo.

Chovuta n'chakuti mwalawo udali umodzi. Ndipo pabwalo la mfumu iliyonse, mboni imodzi simaliza mlandu.

Owoletsa nyongolotsi

Pali akatswiri ena omwe ntchito yawo ambiri sangaisirire. Amapha tinyama n'kutiika m'mabotolo a madzi, kenako amatsegula tsiku ndi tsiku n'kumalemba chomwe chawola ndi chomwe chatsala. Fungo lake ndi losaneneka koma nzeru yake ndi yomveka: kuti udziwe chomwe mwala ungasunge, yamba wadziwa chomwe chimatha msanga.

Mu 2014, Duncan Murdock ndi anzake a pa yunivesite ya Leicester ku England adawoletsa tinyama tooneka ngati mbozi, ta miyendo yofewa, totchedwa velvet worm, tomwe ndi abale apafupi a gulu la nkhanu ndi ziwala. Khungu, zikhadabo ndi nsagwada zidapirira nthawi yaitali, koma zam'kati, kuphatikizapo mitsempha yolumikizana ndi ubongo, zidali m'gulu la zoyamba kutha. Mu 2016 Robert Sansom wa ku Manchester adachita chimodzimodzi ndi mtundu wina wa nyongolotsi za m'nyanja ndipo zotsatira zake zidali zofanana. Wogulitsa nyama uja akadatha kuwauza zomwezo kwaulere.

Nkhonya yaikulu idadza mu 2018. Liu Jianni wa pa Northwest University mumzinda wa Xi'an, pamodzi ndi anzake a ku China ndi ku Germany, adasanthula miyala pafupifupi 800 ya Fuxianhuia. Pafupifupi umodzi pa miyala 10 iliyonse udali ndi mabanga m'mutu, koma mabangawo adali osiyanasiyana maonekedwe. Ubongo wa nyama za mtundu umodzi ungasiyane bwanji chotero?

Malinga ndi gulu la Liu, yankho lagona m'matumbo. Nyama ikafa, mabakiteriya a m'mimba mwake amaswana, n'kuboola matumbo, n'kuyanga m'thupi monse monga nkhungu imayangira pa mkute. Mabakiteriyawo amasiya kandere kopyapyala kozungulira zinthu zomwe adya. Kandere kameneko, adatero akatswiriwa, n'komwe kadasanduka mabanga omwe ena akuwatcha ubongo. Adakayikiranso zomwe Ma ndi anzake adalengeza mu 2014, zoti mwala wina wa Fuxianhuia ukuonetsa mtima ndi mitsempha ya magazi.

Chidzudzulo chimenechi sichidali cha kaduka. Maso a munthu amakonda kuona zomwe akuzidziwa kale, monga mwana amaonera njovu kapena ng'ombe m'mitambo. Munthu yemwe wayang'ana ubongo wa tizilombo kwa zaka makumimakumi ndiye woyenera kuuzindikira pamwala, komanso ndiye amene angaupeze pomwe palibe. Ndipo wosankha mwala umodzi wokongola pakati pa mazana n'kusiya enawo m'dirowa ayenera kufotokoza chifukwa chake.

Kufunsa mwala mafunso

Wina angadabwe kuti bwanji osangochita monga amachitira ndi nyama zikuluzikulu. Mu 2019, akatswiri a pa Southern Methodist University ku Texas, mogwirizana ndi Elizabeth Gomani Chindebvu wa ku Malawi, adafalitsa zomwe adapeza ataunika fupa la mutu wa Malawisaurus ndi makina a CT, onga omwe madokotala amaunikira m'mutu mwa wodwala. Ubongo wa chinyamacho udawola kalekale, koma mphako yomwe udakhalamo idatsala, ndipo kompyuta idaumba maonekedwe ake kuchokera mumphakomo monga njerwa imatengera chikombole.

Nkhanu ndi chiwala zilibe fupa lotere lokuta ubongo. Ukatha, watha. Ndiye kwa tinyama ta ku Chengjiang njira idali imodzi: kulipanikiza bangalo ndi mafunso mpaka liulule chomwe lili. Mbali ya Strausfeld ndi Ma sidadikire nkhonya ya 2018 kuti iyambe ntchitoyi, chifukwa manong'onong'o adayamba nkhani yoyamba ija itangotuluka.

Funso loyamba ndi la malo. Mu nyama za gululi ubongo umakhala kutsogolo, pamwamba pa kummero. Kuchokera pamenepo mitsempha iwiri imazungulira kummeroko, umodzi uku wina uko, n'kukakumana pansi, kenako n'kupanga chingwe choyenda chakumimba mpaka kumchira. Izi n'zosiyana ndi munthu kapena mbuzi, omwe chingwe chawo chimadutsa mumsana. Pachingwecho pamakhala timfundo ngati mikanda, kalikonse koyang'anira miyendo iwiri. Choncho banga lomwe lili kumsana, kapena lomwe likungotsatira njira ya matumbo, lalephera mayeso lisadayambe n'komwe.

Kenako pali nkhani ya kufanana kwa mbali ziwiri komanso komwe timizere tikupita. Zowola sizidziwa kumanja ndi kumanzere. Sizidziwanso komwe kuli diso. Zikayenderera zimangotsata pomwe pali mpata. Koma mzere ukachoka pabanga lapakati n'kulowa m'diso lakumanja, wina wofanana nawo n'kulowa m'diso lakumanzere, ndipo pakati pa bangalo n'kuoneka kabowo pamalo enieni odutsa kummero, zimavuta kunena kuti mabakiteriya adangochita mwayi.

Pamene maso alephera, makina amathandiza. Mu 2013 Gengo Tanaka wa ku Japan, pamodzi ndi akatswiri anayi aja, adatenga mwala wa kanyama kena ka ku Chengjiang kotchedwa Alalcomenaeus, kotalika masentimita atatu okha, kokhala ndi maso anayi komanso zopanira ziwiri zazitali kumaso. Adauunika ndi makina a CT, kenako adaulasa ndi X-ray yomwe imaonetsa pamene pachuluka ayironi. Chithunzi chilichonse adachipaka mtundu wake pa kompyuta, china wobiriwira, china wofiirira, n'kuzisanjikiza. Pomwe mitundu iwiriyo idakumana padatuluka chithunzi cha ubongo ndi chingwe chake cha mikanda, choyalidwa ngati cha chinkhanira. Mitsempha yopita ku zopanira zija idachokera pa chigawo chomwe mu kangaude wa lero chimayang'anira mano obayira. Apa ndiye phindu la ntchito yonseyi lidaonekera: kanyama komwe chibale chake chidali chokanganitsa kadapeza kwawo, kumbali ya kangaude ndi chinkhanira.

Za mboni imodzi zija adaziyankha mu 2015, pomwe Ma ndi anzake adaonetsa miyala ina 7 ya Fuxianhuia yokhala ndi mabanga a maonekedwe ogwirizana. Ataiika pa maikulosikopu yamphamvu kwambiri adapeza kuti mabangawo ndi kandere kopyapyala ka kaboni, chinthu chomwe chimapanga makala ndi mwaye, chomwenso chimapezeka m'mnofu wa chamoyo chilichonse. Pamiyala ina, pamwamba pa kaboniyo padamera timiyala tonyezimira ta pyrite, tomwe tili ndi ayironi. Timiyalato tikakhalitsa pamvula ndi mpweya timachita dzimbiri, ndipo n'chifukwa chake ubongo womwewo pamwala wina umaoneka wakuda, pamwala wina wofiirira.

Komabe kaboni payekha satsimikiza kanthu, pakuti mabakiteriya nawonso ndi kaboni. Palibe funso limodzi lomwe lingathetse mlanduwu palokha. Banga liyenera kuyankha onse nthawi imodzi.

Nanga za mabotolo a ku Leicester aja? Strausfeld ndi anzake adayankha ndi mayeso awoawo. M'malo mosiya tinyama m'madzi, adakwirira nyongolotsi za m'nyanja ndi mphemvu m'matope. Maganizo awo adali akuti tinyama ta ku Chengjiang sitidafe n'kugona pansi pa nyanja kudikira kuwola. Tidakwiriridwa mwadzidzidzi ndi matope osalala ogumuka pansi pa madzi, omwe adatseka mpweya komanso kutchinga nyama zodya mitembo. Matope ena atasanjikana pamwamba, kulemera kwake kudafinya madzi pang'onopang'ono monga jeke imadindira fodya m'belo. Ubongo wa nyama za gululi ndi wothithikana, choncho m'malo mosungunuka udaphwatalala n'kukhala kandere, maonekedwe ake osasokonekera. M'mayesowo mitsempha idaonekabe itaphwatalala chotero. Mtembo wa m'botolo ndi mtembo wa m'dongo, adatero, siyenda njira imodzi.

Mboni zichuluka

Chomwe chidasintha maganizo a anthu ambiri si mawu okoma a mbali iliyonse, koma miyala yatsopano yochokera kumalo osiyanasiyana, yofufuzidwa ndi anthu osiyanasiyana.

Mu 2016 Yang Jie wa ku Yunnan ndi Javier Ortega-Hernández, yemwe panthawiyo adali ku Cambridge, adaonetsa chingwe cha mikanda cha mbale wake wa Fuxianhuia wotchedwa Chengjiangocaris. M'mbali mwa chingwecho mudali timitsempha tambirimbiri toonda kuposa tsitsi la munthu, totuluka mwadongosolo.

Mu Disembala 2019 Ortega-Hernández, atasamukira ku Harvard, adayankha gulu la Liu mwachindunji. Iye ndi anzake awiri adafotokoza miyala iwiri ya Alalcomenaeus, kanyama ka maso anayi kaja, koma ulendo uno yochokera ku Nevada ndi ku Utah m'dziko la America. M'mitu mwake mudali mabanga a kaboni a mbali ziwiri zofanana, olumikizana ndi maso, ndipo kayalidwe kake kadagwirizana ndi ka mwala wa ku China uja. Apa ndiye mfundo ya mabakiteriya idayamba kutsimphina. Zowola za nyama zomwe zidafera m'nyanja zotalikirana, pa nthawi zosiyana ndi zaka mamiliyoni, zingajambule bwanji chithunzi chimodzimodzi?

Umboni wina wosangalatsa udachokera m'miyala yaposachedwapa poyerekeza ndi imeneyi. Mu 2021 Russell Bicknell wa pa University of New England ku Australia ndi anzake adalengeza za ubongo wa Euproops danae, kanyama ka zaka 310 miliyoni kochokera ku Mazon Creek m'chigawo cha Illinois ku America. Kanyamaka ndi ka mtundu wa horseshoe crab, nyama ya m'nyanja zikuluzikulu yomwe ngakhale imatchedwa nkhanu, abale ake enieni ndi kangaude ndi chinkhanira. Ku Mazon Creek matope ankalimba msanga kuzungulira mtembo n'kukhala mpira wa mwala. Ubongo udawoladi monga owoletsa nyongolotsi adanenera, koma udawola mwala utaukuta kale, ndiye udasiya chikombole. Pambuyo pake dongo loyera lotchedwa kaolinite lidadzaza mphakoyo. Lero ubongowo ukuoneka woyera mbee pamwala wodera, ndipo poti horseshoe crab ikadalipo, adatha kuyerekeza ndi ubongo wa yamoyo. Zidagwirizana. Mwalawo udali wosungidwa kale ku Peabody Museum ya pa yunivesite ya Yale.

Koma wofuna kuchuluka kwa mboni adakhutira mu Julayi 2022. Joseph Moysiuk ndi Jean-Bernard Caron a ku Royal Ontario Museum mumzinda wa Toronto adasanthula miyala 268 ya Stanleycaris hirpex, kachilombo kolusa ka ku Burgess Shale ka zaka 506 miliyoni, kosapitirira masentimita 20. Miyalayo idatoledwa makamaka m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Pa miyala 84 adapezapo ubongo ndi mitsempha. Adapezanso kuti kachilomboka kadali ndi maso atatu, awiri pa timapesi ndi limodzi lalikulu pamphumi, ndipo malinga ndi iwo ubongo wake udali wa zigawo ziwiri, osati zitatu. Mboni 84 zonena chimodzimodzi n'zovuta kuzibweza. Ndi bwino kukumbukiranso kuti miyala 184 yotsalayo idalibe umboni wotere, kusonyeza kuti ngakhale pamalo abwino chotero, ubongo kutsala si chinthu chapafupi.

Mu 2024 Martin Smith wa pa yunivesite ya Durham ku England ndi anzake adawonjezera kamphutsi ka ku Yunnan kotchedwa Youti yuanshi, kochepa ngati njere ya chitowe, komwe sikadaphwatalale n'komwe. Adakaunika ndi X-ray yamphamvu ya pamalo otchedwa Diamond Light Source ndipo adaona zigawo za ubongo, ziwalo zogayira chakudya ndi timizere topita ku maso ndi ku miyendo, zonse zili m'malo mwake.

Mlandu wasintha nkhope

Lero akatswiri ambiri a nkhanizi amavomereza kuti mitsempha ndi ubongo zikhoza kutsala m'mwala. Izi sizikutanthauza kuti gulu la Liu lidataya nthawi. Mabanga ambiri a m'miyala ndi zowola ndithu, ndipo chifukwa cha okayika aja, wobwera ndi chithunzi chokongola cha mwala umodzi amadziwa kuti afunsidwa za makina omwe adagwiritsa ntchito, za miyala ina yomwe adaisiya, komanso pomwe matumbo a kanyamako adadutsa. Mkangano tsopano uli pa mwala uno kapena uwo, ndi tanthauzo la zomwe zikuoneka.

Mu Novembala 2022 Strausfeld, Hou, Frank Hirth wa pa King's College London ndi mnzawo wina adalemba m'magazini ya Science za Cardiodictyon, kanyama konga mbozi ka ku Chengjiang kotalika sentimita imodzi ndi theka. Adati ubongo wake uli ndi zigawo zitatu pomwe mutu wake ulibe mfundo, zomwe zikutsutsa chiphunzitso chakale choti mutu wa nyamazi udapangika polumikiza mfundo zakutsogolo za thupi. Chaka chotsatira Graham Budd wa ku Uppsala ku Sweden ndi anzake adayankha m'magazini yomweyo kuti umboni wake ngosakwanira. Aliyense adaima pake.

Nkhani yomwe ingakhudze kangaude wa pakona ya nyumba ndi ya Mollisonia symmetrica, kanyama kena ka ku Burgess Shale. Mu 2022 gulu la Ortega-Hernández lidafotokoza mitsempha yake ya maso ndi chingwe chake cha kumimba. Mu Julayi 2025 Strausfeld ndi Hirth, pamodzi ndi David Andrew, adaunikanso mwala wa kanyamaka wosungidwa ku Harvard, nati zigawo za ubongo wake zidayalidwa chagada: zomwe mu nkhanu ndi chiwala zimakhala kutsogolo, muno zili kumbuyo. Kayalidwe kotere lero kamapezeka mu kangaude ndi abale ake apafupi, osati mu horseshoe crab. Ngati adawerenga bwino mabangawo, ndiye kuti mtundu wa akangaude udayambira m'nyanja, osati kumtunda monga ambiri ankaganizira, ndipo udatuluka m'madzi uli kale ndi ubongo womwe umathandiza kangaude kuyendetsa miyendo yake mwaliwiro pogwira ntchentche.

Kanyama ka Mollisonia symmetrica si katsopano kwa asayansi. Walcott adakapatsa dzina mu 1912, ndipo padatenga zaka 110 kuti mitsempha ya m'thupi mwake ifotokozedwe.